Mashopu anayi, MySQL mitundu itatu

Ndatha miyezi iwiri ndikuphunzira ntchito pa kampani ina yokhala ndi mashopu anayi: awiri ku Limbe, imodzi ku Ndirande, ina ku Chirimba. Ntchito yoyamba imene abwana a ku IT anandipatsa inkaoneka yopepuka. Anati nditenge backup (kope losungira) ya malonda a ku Limbe kuchokera mu MySQL, pulogalamu ya database yosunga zonse za malonda, ndiyiike pa kompyuta ya ku Ndirande kuti tiyerekeze mitengo ya katundu. Kompyuta inakana. Inkangonena kuti siidziwa collation (malamulo osanjira ndi kuyerekezera zilembo) ya utf8mb4_0900_ai_ci. Masana onse ndinkafufuza pomwe ndalakwitsa.

Madzulo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake. Ku Ndirande ndi ku Chirimba kunali MySQL 5.7, shopu imodzi ya ku Limbe inali ndi 8.0, inayo 8.4. Aliyense amene anabwera kudzaika makina ankaika version imene inalipo nthawi imeneyo, basi. Collation ija inabwera ndi 8.0 m'chaka cha 2018, choncho 5.7 sangaiwerenge.

Abwana anati, "Achimwene, lembani kuti tisankhe iti, imodzi yokha, ndipo mundiuze chifukwa."

Kusukulu ndinazolowera kuganiza kuti chatsopano ndiye chabwino, moti ndinatsala pang'ono kulemba MySQL 9. Chimene chinandibweza ndi pulogalamu ya pa matilu. Ndi yakale, ndipo imalowa mu database pogwiritsa ntchito njira yotsimikizira password yotchedwa mysql_native_password. Mu 8.0 njira yachizolowezi inasinthidwa kukhala caching_sha2_password, koma yakaleyo imagwirabe. Mu 8.4 imabwera yozimitsidwa, koma munthu angathe kuiyatsa. Mu 9.0 anaichotseratu. Tikanaika 9, tilu iliyonse ikanaima m'mawa womwewo, makasitomala ali pamzere ndi sopo ndi shuga m'manja. Apa ndi pomwe ndinaona kuti database siisankhidwa payokha. Amene ali ndi mawu omaliza ndi kamakina kakale kwambiri komwe kali pa kauntala.

Kukhalabe pa 5.7 sikunali kotheka. Oracle, kampani imene imapanga MySQL, anasiya kuisamalira mu Okutobala 2023, kutanthauza kuti mabowo a chitetezo akapezeka palibe adzawatseke, pomwe mkatimo muli mayina a ogulitsa katundu ndi ndalama za tsiku lililonse. Ya 8.0 nayo Oracle anaiikira Epulo 2026 ngati mwezi womaliza woisamalira. Yotsala ndi 8.4, imene inatuluka mu Epulo 2024 ngati LTS, yosamalidwa kwa zaka zambiri osasinthasintha kagwiridwe kake. Ndinalemba imeneyo, ndikuwonjezera kuti tiyatse njira yakale yolowera mpaka pulogalamu ya matilu isinthidwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti sungadumphe kuchoka pa 5.7 kufika pa 8.4. Uyenera kudzera pa 8.0 kaye, ndipo ukafika pa 8.0 kubwerera ku 5.7 kulibe, pokhapokha utabwezeretsa backup yakale. Ndiye magetsi akathima ntchito ili pakati, monga zimachitikira kuno, zinthu zingaonongeke kwambiri.

Tagwirizana zoyamba ndi Chirimba chifukwa ndi shopu yaing'ono. Tichita Lamlungu usiku akatseka, jenereta ili ndi mafuta, ndipo backup ndiyiyesa kaye pa laputopu yanga kuti ndione ndi maso anga kuti ikutseguka.