Mango sticky rice wandidyera Loweruka lathunthu

Abale, Kilombero timamukonda koma pa chakudya ichi sagwira, musavutike. Mango sticky rice ndi kadizeti ka ku Thailand, mpunga womata, mkaka wa kokonati, shuga, kamchere ndi mango basi. Mulibe mazira kapena mkaka wa ng'ombe, nchifukwa chake ndimafuna kuwapangira alamu anga amene mkaka umawatsegula m'mimba. Anandiphunzitsa ndi mayi ena aku Thailand akuntchito kwathu, akuti kwawo amadya kwambiri mu Epulo nthawi ya Songkran, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, mango atapsa, ife kuno mango ndi Disembala.

Chandikwiyitsa ndi mpungawo. Pa paketi pazilembedwa kuti glutinous rice, njere zake zoyera mbuu ngati choko. Ndinazungulira mashopu a zakudya za ku Asia dzuwa likuswa mtengo, kutsika minibasi iyi kukwera inayo, mpaka mnyamata wa pashopu ina kundigulitsa mpunga wa sushi, chakudya cha ku Japan, uku akulumbira kuti ndi chimodzimodzi. Bodza lenileni! Ndinauphika ndi nthunzi mpaka makala kutha, pakati uli gwa. Kubwerera kuti andisinthire akuti paketi yotsegula salandira, ndiye ndikanadziwa bwanji osatsegula? Ndalama inapita, ya thiransipoti inapitanso. Werengani paketi nokha, za wogulitsa zisiyeni.

Weniweniwo nditaupeza zinayenda. Uviikeni m'madzi usiku onse, musaubwatitse ayi, ukulungeni mu kansalu koyera muike pa sefa pamwamba pa poto wa madzi owira, muvindikire kwa mphindi ngati 25. Aku Thailand ali ndi kadengu kansungwi ka ntchito imeneyi, ine sefa pa mbaula inakwana. Mkaka wa kokonati wa m'chitini muutenthetse pang'onopang'ono ndi shuga ndi mchere koma usawire, muthire mpunga ukadali wotentha, muvindikirenso mphindi 20 kuti umwe bwino. Mcherewo musachite nawo manyazi, popanda iwo kutsekemera kwake kumakola.

Iii ndimaiwala, mkaka wina mupatule wothira pamwamba pomaliza. Mango sankhani akupsa bwino opanda timaulusi tokakamira m'mano, ngati a Kent. Mpungawo mufiriji musauike, umauma.

Alamu anabwereza mbale ndipo akuti ndipangenso pa Khrisimasi. Ndawauza kuti mpunga akagule okha, ndipo akawerenge paketi.