Mmene ndinaphunzirira kujambula kulira kwa makoswe a mu labotale

Tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha makoswe ndinaona ngati andinamiza. Anandiuza kuti ntchito yanga ikhala yojambula mawu awo, pa kafukufuku woona mmene mankhwala amasinthira kulira kwawo, koma m'chipindamo munali zii. Makoswe oyera ankathamangitsana m'makola apulasitiki, kugwetsana chagada, ine osamva kanthu kupatula utuchi kuti tswa tswa. Khutu la munthu limalekezera pa 20 kHz, ndiye kuti mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi. Makoswe amayankhulana pamwamba pa pamenepo.

Usanagwire khoswe umayamba waphunzira kasamalidwe ka nyama, ndipo komiti yoona za ufulu wa nyama imayenera kuvomereza kafukufukuyo. Zimenezo ndi mapepala, ndinathana nazo. Chimene chinandidyera nthawi ndi kuzolowerana ndi makoswewo. Kwa sabata yathunthu ndinkangowanyamula, kuwakhazika pamkono, n'kuwabwezera. Khoswe woopa dzanja lako amakuuza za mantha ake okhaokha, za mankhwala osakuuza chilichonse.

Kulira kumene timasaka kuli mitundu iwiri ikuluikulu. Kwa pafupi ndi 22 kHz n'kwakutali, kumatha kupitirira sekondi imodzi, ndipo khoswe amalira chonchi akanunkhiza mphaka, akagonja pa ndewu kapena akamayembekezera ululu. Kwa pafupi ndi 50 kHz n'kwakufupi ngati kuphethira, kumabwera posewera, pokwerana ndi poyembekezera chakudya chokoma. Jaak Panksepp ndi Jeffrey Burgdorf, ali pa yunivesite ya Bowling Green ku Ohio chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti ukamagirigisha khoswe wamng'ono amatulutsa kulira kumeneku kochuluka, n'kumalondola dzanja lako kuti upitirize. Iwo anakutcha kuseka. Ine mawu amenewo ndimawagwiritsa ntchito mosamala, komabe nditagirigisha khoswe wanga woyamba ndinamvetsa chimene anawasankhira.

Kenako ndinalakwitsa. Ndinapachika maikolofoni ya Avisoft pamwamba pa khola, n'kujambula masiku awiri, koma pakompyuta ndinasiya muyezo wa 44.1 kHz, umene amajambulira nyimbo. Lamulo lake n'lakuti makina azitapa mawu mofulumira kuwirikiza kawiri kuposa mawu amene ukufuna. Pa muyezo umenewo chilichonse chopitirira 22 kHz chimatayika, choncho kulira konse kwa 50 kHz kunapita. Wondiyang'anira anangotsegula failo, n'kundifunsa kuti, "Theka lapamwamba lili kuti?" Tinaika pa 250 kHz n'kuyambiranso. Tsiku lomwelo anandilanda makiyi m'thumba, chifukwa makiyi akagundana amatulutsa phokoso lopyola khutu la munthu limene limadetsa zojambula. Magolovesi akakhulana amateronso.

Patsiku loyesa timayamba kujambula khoswe asanabayidwe, kuti tidziwe mmene amalirira mwachibadwa. Apa m'pofunika, chifukwa ena ndi olongolola, ena ndi a duu. Kenako jakisoni: ena amalandira madzi amchere, ena amphetamine, mankhwala ochangamutsa ubongo. Mankhwalawa amachulukitsa dopamine, timadzi totumiza uthenga mu ubongo, m'kachigawo ka ubongo kotchedwa nucleus accumbens, ndipo pakangopita mphindi zochepa kulira kwa 50 kHz kumachita kusefukira.

Ntchito yeniyeni ili pakompyuta. Mawu aja amasanduka chithunzi chotchedwa spectrogram, ndiye umawerenga ndi maso. Kulira kwa 22 kHz kumaoneka ngati mzere wautali wogona pansi. Kwa 50 kHz kuli ndi maonekedwe ambiri, moti mu 2010 gulu la Paul Clarke ku yunivesite ya McGill linakugawa m'mitundu 14. Wina ndi wosalala, wina umadumpha ngati masitepe, wina umapindikapindika ngati mano a sowo, ndipo umenewu, wotchedwa trill, ndi umene amphetamine amauchulukitsa kwambiri. Mafailo anawasintha mayina kuti ndisadziwe khoswe amene analandira mankhwala. Poyamba ndinakhumudwa, ndimaganiza kuti sakundikhulupirira. Nditafika pa kadontho kosadziwika bwino ngati ndi kulira kapena chikhadabo chakanda khola, ndinazindikira kuti ndikanadziwa gulu lake, diso likanakondera.

Patapita milungu anandilola kugwiritsa ntchito DeepSqueak, pulogalamu imene Kevin Coffey ndi anzake a ku University of Washington anaitulutsa mu 2019. Imasaka yokha kulirako pa chithunzi chija. Imathamanga, koma nayo imapusitsidwa ndi utuchi, ndiye umabwererabe kukachotsa zabodza chimodzichimodzi.

Chimene chinanditsegula maso sichinali cha pambuyo pa jakisoni. Makoswe atabayidwa kangapo m'khola lomwelo, anayamba kulira 50 kHz akangoikidwamo, singano isanatuluke n'komwe m'pepala lake. Malo okhawo anali atakwana. Ndinakumbukira mmene munthu wosiya fodya chibaba chimamugwirira akangodutsa pamene ankasutira. Mbali inayo iliponso: gulu la Klaus Miczek ku yunivesite ya Tufts linaonetsa kuti makoswe omanidwa morphine (mankhwala amphamvu opha ululu) kapena cocaine atazolowera amalira kwambiri 22 kHz akadzidzimutsidwa. Ku yunivesite ya Rutgers, David Barker ndi Mark West anaona kuti makoswe odzibaya okha cocaine podina kachitsulo amalira 50 kHz koyambirira kokha, kenako amangodinabe kulirako kutazilala.

Komabe sindimalemba kuti khoswe wasangalala. Morphine amakondedwa ndi makoswe, amabwerera pamalo pamene anamulandira, koma akangobayidwa sachulukitsa kulira kwa 50 kHz ngati amphetamine. Choncho mu lipoti ndimalemba chiwerengero, mtundu wa kulira ndi nthawi yake, basi.

Failo yomaliza inandidyera masana onse. Atandipatsa pepala lomasulira mayina aja, ndinapeza kuti khoswe amene analira kwambiri asanabayidwe ndi yemwe uja ankandibisalira m'kona sabata yoyamba.