Mmene Timawotchera Zoumba Zathu ku Mufakose

Malo athu oumbira ali ku Mufakose, mumzinda wa Harare, kumene kuli mabanja ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Luso loumba tinaliphunzira kwa agogo athu aakazi, omwe ankawotcha miphika ndi mitsuko pamtetete ndi nkhuni. Koma ogula a ku Avondale, dera lina la mu Harare, ankafuna makapu ndi mbale zonyezimira, zimene zimafunika kuwotchedwa kawiri, motero tinasonkherana ndalama n'kugula uvuni wamagetsi wakale.

Ogula amayamikira kunyezimira kwa glaze, mankhwala opaka pa chiwiya amene amasungunuka n'kukhala ngati galasi pa kuwotcha kwachiwiri, koma phindu lathu limapezeka kapena kutayika pa kuwotcha koyamba, kotchedwa bisque. Chiwiya chimayenera kuuma gwa chisanalowe mu uvuni, ndipo nyengo yamvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, timadikira nthawi yaitali. Maola oyambirira timasunga kutentha pansi pa madigiri 100, chifukwa madzi otsalira mu mtapo akasanduka nthunzi mofulumira, chiwiya chimaphulika n'kuswanso zinzake. Kuno ku Harare, poti ndi kokwera mamita pafupifupi 1,500, madzi amawira pa madigiri 95 okha, choncho timasamala kwambiri. Pakati pa madigiri 450 ndi 600 madzi omangika m'kati mwa dothi amachoka, ndipo kuchokera pamenepo silingasungunukenso m'madzi. Pa madigiri 573 timiyala ta quartz, tonga mchenga tomwe tili mu dothi, timafufuma mwadzidzidzi, ndipo wothamangitsa moto apa amakolola ming'alu. Timalekezera pa muyezo wa kutentha umene oumba amautcha cone 04, madigiri pafupifupi 1,060, pamene chiwiya chalimba koma chikadali ndi timabowo tomwera glaze.

Chimene chimatisowetsa tulo ndi kuzimazima kwa magetsi. Timayatsa uvuni usiku magetsi akangobwera, ndipo mmodzi wa ife amagona pomwepo. Akazima ntchito ili m'kati sititsekula chitseko ngakhale pang'ono, poopa kuti mphepo yozizira ingang'ambe katundu.

Masiku ano timawotcheranso amayi ena oumba amene alibe uvuni, ndipo amalipira malinga ndi malo amene katundu wawo watenga. Pa bisque ziwiya zikhoza kusanjikizana popanda kumatirirana, motero uvuni umadzaza ndipo mtengo wa magetsi timagawana. Chiwiya chilichonse chobwera timayamba tachikhudzitsa patsaya, ndipo chikamveka chozizira timachibweza kuti chikaume kaye, ngakhale mwini wake atadandaula.