Zogula nyumba yapangongole, musathamange abale

Masiku ano pa Dedza boma pano ukangomva kuti nyumba ikugulitsidwa motchipa komanso mwachangu, dziwa kuti nthawi zina kumbuyo kwake kuli ngongole ya kubanki. Mwini wake amakhala kuti anaikitsa nyumbayo ngati chikole, ndiye zamuvuta kubweza, akufuna agulitse yekha asanamulande, mwinanso mtengo wakewo sukukwana ngakhale ngongoleyo. Apa ndiye pofunika loya ndithu, osati mabroka aja oyendayenda ndi ma envelopu pa depoti.

Ntchito ya loya ndi kukachita search, kufufuza m'mabuku a malo ku Lands, aone ngati title deed, chikalata cha umwini, ilidi m'dzina la akugulitsayo komanso ngati banki inalembetsapo chikole, chifukwa ngati banki sinavomere mwa kalata kuti ilandira ndalama zochepazo n'kumasula chikolecho, inu mulipira koma nyumba ikhalabe m'manja mwa banki, zoona zake ndi zimenezo. Ndalama zina zimayenera kupita kubanki direct, osadutsa m'thumba mwa mwini nyumba.

Musanamupatse kalikonse loyayo funsani ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ngati ali ndi layisensi ya chaka chino. Amene matumba ali operewera, Legal Aid Bureau ilipo, ndi ya boma, imathandiza osowa pa nkhani zamalamulo.

Malo akumudzi ndiye nkhani ina. Kuno kwathu malo ambiri ndi a mbumba, mkamwini akugulitsani malo, mawa atsibweni a mkazi wake atulukira kuti sakudziwapo kanthu, ndipo kakalata ka afumu pakokha sikakuthandizani. Akhalepo onse asainire, loya alembe agreement.