Tsiku loperekeza amalume kukakumbutsa ngongole ya soya

Lero m'mawa ndinaperekeza amalume kwa loya wawo ku Old Town, chifukwa kampani yomwe inawatenga soya pangongole yasiya kulipira. Chaka chatha nkhaniyi inafika kubwalo lalikulu la milandu kuno ku Lilongwe, koma sinazengedwe, popeza malamulo oyendetsera milandu yosakhudza upandu omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera kwa jaji ngati mkhalapakati. Kumeneko mbali ziwirizi zinasainirana kuti ndalamazo zibwezedwe m'magawo anayi. Gawo loyamba linabwera m'nthawi yake, lachiwiri linabwera loperewera, ndipo kuyambira pamenepo foni ya mkulu wa kampaniyo imangoitana osayankhidwa.

M'minibasi yochokera ku Kawale amalume anali ndwii, poganiza kuti ayambiranso kusuma ndi kusaka mboni. Ineyo ndinkaganizanso chimodzimodzi, pakuti kwathu anthu akagwirizana pamaso pa amfumu wina n'kudzatembenuka, bwalo limakhalanso ndipo nkhani imayambira pachiyambi.

Loya anawerenga pepala la mgwirizanowo mofatsa, kenaka anati, "Bambo, musadandaule. Mgwirizano womwe munasainira pamaso pa jaji uli ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti." Anafotokoza kuti zoti ngongole ilipo kapena ayi zinatha kale, ndipo chatsala n'kupempha khoti kuti likakamize wolephera kulipirayo. Atha kutenga chilolezo choti masherifu akalande katundu wa kampaniyo ndi kumugulitsa, kapena kupempha kuti banki yomwe imasunga ndalama za kampaniyo izipereke kwa amalume mwachindunji. Ananenanso kuti zikanakhala kuti anangolemberana paokha kuofesi, mlandu usanafike kukhoti, bwenzi akuyamba asumira kuphwanyidwa kwa mgwirizanowo asanaganize n'komwe za masherifu.

Amalume anafunsa ngati kampaniyo singakane zomwe inasainira. Yankho linali lakuti kusintha maganizo sichifukwa chokwanira; wofuna kuthetsa mgwirizano wotere ayenera kusonyeza khoti kuti panali chinyengo, kukakamizidwa kapena kulakwitsa kwakukulu.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ine n'chakuti chigamulo sichibereka ndalama. Kampani ikakhala kuti galimoto zake ndi zobwereka ndipo kubanki kulibe kanthu, masherifu adzabwerera chimanjamanja, pamene zolipira loya zatuluka kale m'thumba la amalume. Loyayo sanabise zimenezi, ndipo n'chifukwa chake anasankha kuyamba ndi banki, atafunsa ngati tikadali ndi umboni wa kumene gawo loyamba lija linachokera. Mwamwayi azakhali anasunga kapepala ka kubanki m'Baibulo lawo.

Masana amalume analumbira ndi kusainira chikalata chofotokoza ndalama zomwe zalowa ndi zomwe zatsala. Mawa ndibwererakonso ndekha kukasiya kapepala kaja.