Okondedwa abale ndi anyanga

Ku Salima kuno mukamva anyamata a kabaza akukuwa kuti "A Yikomo, bwerani tikakusiyeni!" musavutike n'kucheuka. Akuitana ine. Dzinali sanandipatse makolo ayi. Ndinachita kukaligula ndekha ku Lilongwe pa mtengo wa K290,000, n'kundiikirapo chikwama ndi mawusi ngati banyira.

Zinayamba ndi ukwati wa mwana wa achimwene. Pa msonkhano woyamba anandisankha kukhala mlembi wa komiti, poti pamtundu pathu wa dzanja labwino ndine. Koma akuchimuna anabwera ndi mlembi wawo, kamnyamata koti ndevu sizinamere n'komwe, kali ndi laputopu pamiyendo. Ine ndikunyambita chala kufufuza tsamba mu hadikava, iko katawonkhetsa kale ndalama zonse n'kunena zotsala. Amayi a komiti ankangoti, "Eee, koma ana a masiku ano!" Usiku umenewo ndinangogubuduka pa mphasa. Kutacha ndinauza mayi a kunyumba kuti ndalama ya mpunga tinalima ku Lifuwu ija ndaipezera ntchito.

"Si paja tinati tigule malata a khitchini?"

"Malata sathawa, mayi. Iyi ithandizanso ana pa sukulu."

Bambo aliyense akafuna kugula choseweretsa chake amanamizira ana.

Ndinaimbira mphwanga, mwana wamkazi wa alongo anga, amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre. Iye sanazungulire. "Amalume, tengani pepala muzilemba. RAM isachepere 8GB. Mosungira zinthu mukhale SSD, ngakhale ya 256GB, osati hadi disiki ija ili ndi chimbale chozungulira m'kati. Pulosesa ikhale Core i5, olo i3 imene, bola ya m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo, chifukwa Windows 11 imakana yakale kuposa pamenepo, ndipo Windows 10 a Microsoft asiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025."

Nditamufunsa kuti RAM n'chiyani, anati ndiganize za lichero ndi nkhokwe. Disiki ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Nkhokwe ingakule chotani, lichero likakhala laling'ono mupeta mpaka dzuwa kulowa. Izi ndinazimva bwino, mpaka ndinagwedeza mutu ngati akundiona.

"Musanapereke ndalama, zulani tchaja muone ngati batire likusunga moto. Kenako dinani batani lililonse, muone ngati chimene mwadina n'chimene chatuluka."

Omalizawa analowa khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa mayunitsi anali akutha. Kapepala ndinakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya, pamtima.

Amene sanakhalepo ku Salima mwezi wa Okutobala thukuta amangolimva mbiri. Mu minibasi tinakhala anayi anayi, ine pakati, mbali iyi mayi wa dengu la usipa, mbali inayo bambo wa nkhuku ziwiri. Makilomita pafupifupi 100 ndikuwira ngati mbatata. Potsika ku depoti ya ku Lilongwe, kapepala kaja kanali katasanduka phala. Inki yonse inali itasamukira pa malaya, ndipo chowerengeka chinatsala chimodzi chokha: nambala 8. Ndikanatha kugula mayunitsi n'kuimbanso, koma malume safunsa mwana chinthu chimodzi kawiri.

Ndinalowa m'kasitolo kena kopanikizika, kodzaza mafoni ndi mawaya.

"Madala, mukufuna yotani?"

"Ya 8," ndinayankha ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

Ndisamunamizire mnyamatayo, poyamba anatulutsa yoyenera. Kalaputopu kopyapyala, kogwiritsidwapo kale ntchito koma koyera, Core i5, RAM 8GB, SSD ya 256GB, mtengo K380,000. Nditakanyamula mtima unandiwawa. Kopepuka ngati kope la mwana wa Sitandade 1! Matumba onse aja a mpunga, kupirikitsa mbalame m'munda mwezi wathunthu, zithere pa kanthu koti mphepo ya mwera itha kuulutsa? Maso anga anagwera pa shelefu ya pansi. Panali chilaputopu chakuda, sikirini ya mainchesi 17, kunenepa kwake ngati Baibulo la pa guwa. Pakona pali kasitika konyezimira: Core i7.

"Nanga icho?"

Mnyamatayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kumwetulira. "Bwana, inu ndiye mumatha. Iyi ndi 7. Ndi 8 mukufunayo ndi makomo oyandikana. Kaja ndi ka 5 chabe. Disiki 500GB. Yangofika kumene kuchokera kunja."

Masamu ndinakhoza ine. Pakati pa 5 ndi 7, wayandikira 8 ndani? Pakati pa 256 ndi 500, wamkulu ndani? Komanso yaikuluyo n'kukhala yotsika mtengo. Ndinachita kumumvera chisoni mwana wa eniake kuti malonda sakuwadziwa. Anaiyatsa ili pa tchaja, ndipo nditati ndiinyamule ndimve kulemera kwake anandigwira dzanja msanga. "Musaigwedeze bwana, ikupanga apudeti." Ndinabweza dzanja mwaulemu. Tinanenerera mpaka K290,000, ndipo pa lisiti panali chidindo choti katundu akatuluka sabwerera.

Pa Kamuzu Road wa kabaza ananyamula chikwama chija kamodzi n'kunena kuti katundu alipiridwa payekha.

Kunyumba anthu anasonkhana, oyandikana nawo omwe. Ndinadina batani. Mayi a kunyumba anateleka madzi, anathira ufa, phala linawira, anavundula, anaomola, tinasamba m'manja, laputopu ikadali ndi kanthu kozungulira pa sikirini. Itadzuka inayamba kulira ngati chigayo cha dizilo, kumbali ikutulutsa mpweya woti mutha kuumitsira usipa. Mwana wamng'ono anafunsa ngati ikufuna madzi. Kenako magetsi anathima, ndipo nayo inathimira limodzi, osatsanzika. Batire linali lokongoletsa chabe.

Pa mabatani ndinaonapo zachilendo, O ndi A ndi U za timadontho tiwiri pamutu. Ndinati ndi mmene zimakhalira za kunja.

Lachinayi usiku magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko. Ndinafunika kulemba kalata ya komiti ndi mndandanda wa zogula, chifukwa kope limodzi limayenera kupita Lachisanu kwa alamu anga a ku Khombedza, amene tinawapatsa udindo wa ndiwo. Kutayipa kwanga ndi kwa chala chimodzi, ngati nkhuku yotola mapira, maso onse ali pa mabatani. Pa sikirini ndinkangoponyapo diso mwa apo ndi apo, ndipo sizikanathandiza. Word, pulogalamu yolembera ija, sadziwa Chichewa, ndiye liwu lililonse amalidula mzere wofiira kunsi, lolondola ndi lolakwika chimodzimodzi. Tsamba lonse linali psuu ngati kope la mwana wolephera. Ndinathamanga kuopa kuti magetsi apitanso, ndinasunga mu fulashi, n'kukagona ndi mtima wa munthu wotsogola.

M'mawa mtsikana wa kopulintira anatsegula kalatayo, n'kukhala kaye chete.

"Madala, izi zili bwinobwino chonchi?"

"Mwana iwe, ine ndinayamba kulemba makalata usanabadwe. Pulinta makope 30."

Anapulinta. Mandala anga anali atatsala m'malaya a inki aja.

Lamulungu masana tinakumana pansi pa mtengo wa mango kwa achimwene, mbali zonse ziwiri, ankhoswe ali pomwepo. Laputopu ndinaiika pa tebulo yotsegula ngakhale panalibe pobaya tchaja, kuti kamnyamata kaja kaone kuti kuli akuluakulu. Ndinagawa mapepala. A tcheyamani athu ndi mkulu wa mpingo, mawu awo safuna chimkuzamawu, ndipo amawerenga chimene chalembedwa osawonjezera kapena kuchotsa. Anakonza kukhosi.

"Okondedwa abale ndi anyanga."

Ngakhale mbalame mu mtengo muja zinaleka kulira. A tcheyamani anavula mandala, anawapukuta, anavalanso.

"Abale ndi... anyanga."

Nkhoswe ya kuchimuna inadzuka pang'onopang'ono. "Pepani a tcheyamani, tisanapitirire. Abale tikuwaona. Anyangawo ndi mbali iti? Chifukwa ife kwathu ndife opemphera."

Anthu anayamba kuyang'anana m'makona a maso. Bambo wina amene anavala kachingwe m'khosi anakalowetsa m'malaya mwakachetechete, chonsecho kanali ka makiyi a njinga. Ine thukuta lili kamukamu, ndinati mwina ndi kulakwitsa kwa malo amodzi, apitirize.

Anapitiriza. "Mpunga matumba atatu." Pamenepo ndinapumako. "Mbuyi yiwiri. Anzeyi ndowa imodyi. Mayira mathirezi asanu. Nzemba. Yakumwa yo... yoyi... yoyiyiritsa kukhosi."

Pa "yoyiyiritsa" mayi wina anagwa pa benchi. Azakhali a mkwati anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa okha akugwedezeka. A tcheyamani, munthu wosaseka pa zinthu za ukwati, analimbabe mtima. "Kwaza idyaimba nzimbo yitatu. Galimoto za mkwatibwi ikongoletsedwe. Mazi a mkwatibwi akhale kutsogolo." Alamu anga, mayi a mkwatibwiwo, anandiyang'ana diso loti tikakumana kuseri. "Nzama makilogalamu 60. Yikomo kwambiri. Ine wanu, mlembi."

Ndipo ngati kuti wina anachita kukonza, belu la njinga linalira kumsewu. Alamu a ku Khombedza akukankha njinga, wa kabaza ali pambuyo, aliyense ndi thumba pa kaliyala. Anatsitsa matumbawo pakati pa bwalo, fumbi koboo.

"Pepani ndachedwa. Nzama zija ndi izi, 60 yonse. Zavuta kupeza, nyengo yake si ino, ndayenda midzi inayi."

"Alamu, ndimanena nyama!"

"Nyama?" Anatulutsa kalata m'thumba n'kuitambasula. "Apa palembedwa nzama, ndi kompyuta. Inenso ndinadabwa, koma ndinati mwina akuchimuna ndi odwala BP, poti masiku ano madokotala akuletsa nyama. Nanga ine n'kutsutsana ndi kompyuta?"

Amene anandipulumutsa, ngati kumeneko n'kupulumutsa, ndi kamnyamata komwe kaja. Kanabwera pa tebulo mwaulemu, manja kumbuyo, n'kuwerama pa mabatani. "Bambo, kiyibodi iyi ndi ya ku Germany. Kumeneko Z amakhala pamwamba pamene ife timaika Y, ndipo Y amakhala pansi kumanzere pamene pamakhala Z. Ogulitsawo anaikamo Windows ya kiyibodi ya Chingelezi, mabatani n'kuwasiya a Chijeremani. Ndiye mukadina Y ikulemba Z, mukadina Z ikulemba Y." Kanati n'zokonzeka pa mphindi imodzi, kungouza Windows kuti kiyibodi ndi ya Chijeremani, kapena kumata timapepala pa mabatani awiriwo. Kanafuna kukonzeratu pomwepo, koma laputopu ya pa tebulo sikanayaka popanda khoma.

Madzulo ndinagula mayunitsi okwanira. Mphwanga anaseka mpaka kutsamwa, kenako anandiuza polowa kuti ndimuwerengere manambala otsatira i7 uja.

"3520M."

"Amalume, 3 woyambayo ndiye m'badwo. Wachitatu. Za mu 2012 zimenezo, ine ndili ku pulayimale."

"Koma ndi 7!"

"i7 ndi mfunda chabe, ngati Phiri. Kuli a Phiri a zaka 20, kulinso a Phiri a zaka 90. Mukafuna wokupalasirani kabaza mpaka ku Senga Bay mutenga ati? Ka i5 munakasiya kaja kakanaisiya iyi kutali."

RAM inapezeka kuti ndi 4GB, disiki ndi ya chimbale ija anandiletsa. Anati chabwino chake makina akale otere amatseguka pansi, munthu atha kuchotsa hadi disiki n'kuikamo SSD, kuwonjezera RAM, kugula batire lina, ndipo idzayamba kudzuka nsima isanapse. Koma Windows 11 ndiye ndiiwale. Titawonkhetsa zonsezo pamodzi ndi ndalama ya nzama, imene komiti inagamula kuti ndibweze ndekha, zinadutsa mtengo wa kopyapyala kaja. Mnyamata wa ku Lilongwe nditamuimbira anati ndalakwitsa nambala, ndi mawu omwe aja ananditcha nawo bwana.

Ukwati unachitika, nyama inalipo, mbuzi ziwiri zenizeni. Pa perekaniperekani wolengeza anati, "Tsopano tilandire a Yikomo, abwere ndi anyanga awo onse!" Holo yonse inaimirira. Sindinaonepo anthu akuponya ndalama mokondwa chonchija, ndipo achimwene amati gawo limenelo ndi limene linatola zambiri.

Nzama tikudyabe. Zowiritsa m'mawa, zothira nsinjiro masana, ana afika poti akamva fungo lake amakadya kwa anzawo.

Mvula yoyamba itagwa, khitchini inadontha ngati dengu. Mayi a kunyumba anaima pakhomo, madzi akuyenderera m'chipande. Anayang'ana kudenga, anayang'ana chilaputopu chija pa tebulo, n'kuchiyeza ndi maso.

"Bambo, tachikwezani pamwambapo tione. Pa bowo la pakona paja chikwana."