Kulongedza katundu wa ulendo wautali wa panjinga

Anzanga amene mukukonzeka kupalasa kuchoka ku Blantyre mpaka ku Mangochi kapena ku Mulanje, chikwama choberekera kumsana chisiyeni kunyumba. Pofika ku Zomba mapewa amakhala atatheratu. Katundu akhale pa keliyala, m'zikwama ziwiri za m'mbali zolemera mofanana, ndipo yense asapyole makilogalamu 15. Zolemera monga poto ndi masipanala zikhale pansi penipeni. Mukaziika pamwamba njinga imayepa potsetsereka, ndipo mukachulutsa katundu masipoko akumbuyo amayamba kuduka imodziimodzi.

Tenti gulani ya anthu awiri ngakhale muli nokha, kuti zikwama zigone m'kati. Ikhale ndi neti, poti udzudzu wa ku Liwonde suseka ndi munthu. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimanyowetsa chilichonse, ndiye zovala ndi bulangeti muzikulunge m'majumbo musanaziike m'chikwama. Pomanga, malegeni ndiwo eni ake. Chingwe chimakhwefuka m'mabampu.

Musaiwale machubu awiri, zigamba, guluu, pampu, masipoko anayi ndi madzi malita atatu. Olowera ku Chikwawa, sinthani marabala a mabuleki musanatsike Thabwa.